Mlendo ndi mame

Akuluakulu akamati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, amalangiza mwini khomo. Mlendo sadziwa pokhala mtsuko, amafunsa ndi zodziwikiratu zomwe, mwina n'kukutopetsa. Umupirire, umupatse zabwino lero lomwe, chifukwa tsiku lochoka sulidziwa.

Mwambiwu unapherezera pa Dale Earnhardt wa ku America, katswiri wa mipikisano ya galimoto ya NASCAR, amene anatenga ukatswiri wa pachaka kasanu ndi kawiri. Ku NASCAR mabwalo ambiri ndi ozungulira: umakhotera kumanzere kokhakokha, galimoto umayendetsa wekha, ndipo mvula ikagwa mpikisano umaima. Mu February 2001, ali ndi zaka 49, mkuluyu analowa mpikisano wa maola 24 wa ku Daytona, komwe zonsezi zimatembenuka. Njira imakhotera uku ndi uku, mumathamanga usiku wonse ngakhale kukuvumba, ndipo galimoto imodzi mumalandizana anthu angapo. Ukaipanikiza kuti uoneke ngwazi, mnzako wolandira m'bandakucha amapeza mabuleki atatha.

Apa mpamene ndimawalemekeza eni khomo, a timu ya Corvette. Akanatha kumuona ngati munthu wotchuka wongodzajambulitsa, n'kumusiya adzionere yekha. Sanatero. Anamupatsa Corvette C5-R ya nambala 3, nambala yake yomwe ya ku NASCAR, n'kumuphatikiza ndi Andy Pilgrim ndi Kelly Collins, akadaulo a mipikisano yotereyi, komanso mwana wake Dale Earnhardt Jr. Pilgrim anamuonetsa pogwirira mabuleki ndi polowera m'makona. Nayenso mlendoyo sanadze ndi matama a zikho zake. Munthu amene anzake ankamuopa pabwalo anakhala pansi n'kumvera ngati wophunzira, ndipo mvula itagwa anayendetsa ndithu osabwerera m'mbuyo. Galimoto yawo inamaliza pa nambala 4 mwa onse, yachiwiri m'gulu lake, pomwe Corvette inzake ndiyo inapambana.

Ena amaumva mwambiwu ngati wotonthoza mwini nyumba wotopa, kuti limba mtima, achoka posachedwa. Ine ndimaumva mwina. Kufulumira kwa mlendo ndiye chifukwa chomuchitira zonse osasunga zina kuti mawa. A Corvette akanati chaka chino angolawa, tidzamuphunzitsa bwino chaka chamawa, mwayiwo sukanabweranso. Patangotha milungu iwiri, pa 18 February 2001, Earnhardt anamwalira pangozi pabwalo lomwelo la Daytona, akuzungulira komaliza mu mpikisano wa Daytona 500.