Tanthauzo lili kumchira

Mdzukulu wanga, amayi ako andiuza kuti mapepala ako atheka ndipo mwezi wamawa ukwera ndege ya ku Britain kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndalama yokupatsa ya panjira ndilibe, penshoni ya mphunzitsi umaidziwa. Chomwe ndili nacho ndi Chingerezi chimene ndinadya nacho fumbi la choko zaka zonsezi, ndiye sendera kuno ndikuonetse pomwe chimaterera.

Mayeso a IELTS unakhoza, mawu aataliatali ukuwadziwa, ndipo amenewo sindikuwaopa. Chimene chidzakupunthwitse ndi timawu tija totsatira mneni, tosafika ndi zilembo zisanu zomwe: *up*, *off*, *on*, *at*, *for*. Ine tinandipunthwitsapo. Nditangoyamba uphunzitsi, mthenga anabwera ndi kakalata kochokera ku boma, kolembedwa kuti *the meeting has been called off*. Maso anga anagwera pa *called*, ndinati basi msonkhano waitanidwa, ka *off* ndinangokadumpha ngati kachitsotso. Usiku ndinasita malaya ndi simbi ya makala, tambala woyamba ndinali kale panjinga. Ndinakafika dzuwa lili paliwombo, malaya ali chonyowa, n'kupeza chitseko chokhoma ndi mlonda akusenda nzimbe. Iye ndi amene anandiuza kuti msonkhano unalephereka. Kamawu ka zilembo zitatu kanandipalasitsa njinga tsiku lathunthu.

Usaganize kuti izi ndi zachilendo kwa ife. Chichewa chimachitanso zomwezo, kungoti ife mchira timaulumikiza ku mneni weniweniyo. Kuyang'ana mwana ndi kuyang'anira mwana si ntchito imodzi. Kubwereka ndi kubwereketsa, wina akulandira wina akupereka. Kufa n'kwina, kufera n'kwina. Palibe Mchewa amene amati "-ir-" ndi kamawu kongokometsera. Mngerezi mchira wake amausiya panja, uziima pawokha, koma ntchito yake ndi yomweyo. Tenga *look*. Ukaphatikizapo *at*, ukuyang'ana. Ukaika *for*, ukufunafuna chotayika. *Look into* ndi kufufuza nkhani, *look down on* ndi kuderera munthu, ndipo *look after* ndiye ntchito imene akukulembera: kuyang'anira, kusamalira. Mwana wa gogo wina akadzaimba foni, iwe n'kunena kuti *I am looking for your mother*, adzauyatsa ulendo usiku womwewo poganiza kuti amayi ake asowa.

Pantchito yakoyo pali awiri amene ndikufuna uwalembe pachikhatho. *Pass out* ndi kukomoka. *Pass away* ndi kumwalira. Mneni ndi mmodzi, koma kwina mukuthamangira madzi ndi dokotala, kwina mukuuza abale. Wokomoka akatsitsimuka amati *she has come round*. Akasanza amati *throw up*, ngakhale zosanzazo zimagwera pansi, ndipo usandifunse chifukwa chake. Mankhwala akatha ndi *run out*. Awa ndiwo mawu amene anzako adzakuponyere mothamanga posinthana shifiti m'mawa, ndipo palibe adzaime kuti akumasulire.

Msampha wachiwiri uli m'kamwa mwathu momwe. Ife tili ndi pa, ku ndi mu, ndipo timadziwa bwino lomwe kuti munthu amakhala m'basi, koma pabasi pamakhala matumba a makala ndi mitanga ya nkhuku. Mngerezi akuti *on the bus*, *on the train*, *on the plane*, chonsecho ali m'kati, wakhala pampando. Galimoto yaing'ono ndi imene amati *in the car*. Potsika basi ndi *get off*, potuluka m'galimoto ndi *get out of*. Ka *drop* kathu ka m'minibasi, kakuti *I will drop here*, ukasiye pa Chileka pomwepo.

Ana anga a Fomu 4 ndinkawadula ndi inki yofiira pa zolakwa zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndipo zonse zinkachokera ku Chichewa. Timati kukambirana za nkhani, iwo n'kulemba *discuss about*, pomwe *discuss* safuna womuperekeza. Timati kukwatiwa ndi munthu, iwo *married with*, pomwe ndi *married to*. Kufika ku mudzi kunkabala *reach at*. Ndiye pali kutembenuka kwake: pomwe Chichewa chabisa kale mchira m'kati mwa mneni, mwana amaiwala kuti Chingerezi chikuufuna panja. "Ndidikire" amasanduka *wait me*, *for* atatayika. Kumvera wailesi kumafuna *listen to*, kudalira munthu ndi *depend on*, kuseka munthu ndi *laugh at*. Koma *laugh with* ndi kuseka naye, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kwadanitsapo anthu. Za *cope up with* ndiye ndinatopa nazo, ndinkazimva ngakhale kwa akuluakulu ovala mataye pa wailesi. Ndi *cope with* basi.

Mwina ukudabwa kuti bwanji aneni ena safuna mperekezi pomwe anzawo sayenda okha. Chingerezi chili ngati nyumba yomangidwa kawiri. Pansi pali aneni afupiafupi a makolo a Angerezi: *get*, *put*, *take*, *go*, *come*. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy analanda England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa ndi Chilatini ndizo zinali zinenero za kubwalo la milandu, kutchalitchi ndi kunyumba ya mfumu. Mawu ambiri aatali analowera khomo limenelo, ndipo ena anabwera mchira uli kale m'mimba. *Enter* anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza m'kati, n'chifukwa chake umangoti *enter the room*, pomwe *go* amafuna *into*. Choncho zinthu zambiri zili ndi maina awiri: *postpone* ndi *put off*, *tolerate* ndi *put up with*, *discover* ndi *find out*. Ife a kuno tinaphunzira Chingerezi cha m'buku, ndiye timathamangira mawu aatali. Eni ake m'khitchini ndi m'basi amalankhula afupiwo. Ukadzauza gogo wa ku Leeds kuti *extinguish the light* adzakumva, koma adzakuyang'ana ngati wabwera kudzawerenga chigamulo cha khoti. Iye amangoti *put it out* kapena *turn it off*.

Ndipo usadzione ngati mbuli. Samuel Johnson, potulutsa dikishonale yake yotchuka m'chaka cha 1755, analemba m'mawu oyamba kuti kaphatikizidwe ka aneni ndi timawu timeneti ndi kamene kamasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Ngati mwini chinenero anaziona kalelo, iwe wa dzulodzuloli usachite manyazi kufunsa. Paja safunsa anadya phula.

Pali kanthu kamodzi ka malamulo koti usunge. Timawu tina timalola kudumphidwa, tina ayi. Umati *pick her up*, osati *pick up her*, ndipo *turn it off* chimodzimodzi: mlowam'malo amalowa pakati. Koma *look after her* sungamugawe, chifukwa *after* pamenepo ndi mperekezi weniweni, amayenera kutsogolera munthu wakeyo. Khutu lidzazolowera lisanafike ndi pamtima.

Ugule kakope kokwana m'thumba la yunifolomu. Ukamva mneni ndi mchira wake, usalembe mneni yekha ayi, ulembe chiganizo chonse monga wachinenera munthuyo, ndi pomwe wachinenera. *Put* payekha alibe phindu, ali ngati mpini wopanda khasu. Dikishonale yanga ya A. S. Hornby, ya Oxford ija yong'ambika chikuto, ndikanakupatsa, koma ikudyera makilo a ufa ndi usipa m'sutikesi. Ili pa intaneti, uziyang'ana pafoni. Pansi pa mneni aliyense amandandalika michira yake yonse, ndipo *somebody* ndi *something* amene udzaone pamenepo akuimira munthu ndi chinthu, kukuonetsa malo amene aliyense amakhala.

Ukafika uimbe foni. Netiweki kuno umaidziwa, imagwira pachulu chokha cha kuseri kwa khola, ndipo miyendo yangayi siithamanga. Mlongo wako akadzayankha n'kunena kuti *hold on*, usadule, akudikira kuti ndifike kuchuluko. Kudula ndi *hang up*.