Kodi Umayi Umakhala M'chiberekero?

Usiku woti mawa lake ndikagonekedwa kuchipatala, mayi anga anandiitanira kuchipinda natseka chitseko. Anali atabwera kuchokera kumudzi ku Dedza kudzandidikirira. Anakhala m'mphepete mwa bedi nandiuza motsitsa mawu: "Mwana wanga, zimene akakuchite madokotalazo zikathere komweko. Anthu akamafunsa uziti unali ndi chotupa m'mimba. Liwu loti chiberekero lisatuluke pakamwa pako, ngakhale kwa apongozi ako." Ndinavomera, pakuti usiku wotere mwana sakangana ndi make. Koma mawuwo ndinapita nawo kuchipatala, ndinabwera nawo, ndipo masabata onse amene ndinakhala ndikuchira pakhomo anandisowetsa mtendere kuposa bala lenilenilo. Munthu akadulidwa mwendo sabisa. Wozulidwa dzino amachita kuyasamula kuti anzake aone. Nanga n'chifukwa chiyani mkazi wochotsedwa chiberekero ayenera kubisa ngati waba?

Matenda anga sanali achilendo. Zinali zotupa za m'chiberekero, zimene madokotala amazitchula kuti mafayibuloidi. Si khansa, ndipo amayi ambiri amakhala nazo osadziwa n'komwe, koma kwa ena zimakula n'kumachititsa munthu kutaya magazi ochuluka akakhala kumwezi. Ine ndinavutika nazo zaka 4. Kuntchito ndinkasankha mpando wakukhoma, ndipo msonkhano ukatha ndinkadzuka pomalizira, nditayamba ndasuzumira pampando. M'chikwama changa simunkasowa chitenje chobisira ngozi. Magazi anachepa m'thupi mpaka kukwera masitepe a ku Capital Hill kunkandichititsa chizungulire. Mankhwala tinayesa, osathandiza. Mu 2023, ndili ndi zaka 44 ndi ana awiri, dokotala anandiuza kuti njira yotsala ndi kuchotsa chiberekero chonse. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pepala lovomera opaleshoni ndinasaina ndi dzanja langa, popanda wondikakamiza.

Anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi nandilangiza kudya bonongwe, nyemba ndi chiwindi. Namwino anandiuza kuti akang'amba pamimba thupi limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti lichire: osanyamula ndowa ya madzi, osasinja, osakolopa, osakhala malo amodzi ndi bambo, koma kumayenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kuti magazi asaundane m'miyendo. Choncho ndinakonza nyumba ngati munthu wa paulendo wautali. Ndinagayitsa chimanga chokwanira miyezi iwiri, ndinatsitsa mapoto onse kuwaika pathebulo, ndinachapa ngakhale makatani amene sanali akuda, ndinalemba papepala masiku olipirira madzi ndi magetsi. Ndikakumbukira tsopano ndimaona kuti khama lonselo linali la mantha. Ndinkafuna kuti pasapezeke munthu woona kuti pakhomo pali mkazi amene sakugwira ntchito.

Kwathu kuno mkazi timamuyeza ndi miyeso iwiri, wa mimba ndi wa manja. Akakwatiwa, miyezi ingapo ikadutsa anthu amayamba kumuyang'ana pamimba. Akabereka amayang'ana pabwalo ngati pasesedwa, ndi pamoto ngati pali poto. Opaleshoni yanga inandilanda miyeso yonse iwiri tsiku limodzi, wa mimba mpaka kalekale, wa manja kwa miyezi iwiri. Ndinagona chagada, pilo ali pamimba kuti ndikakhosomola bala lisapweteke, ndikudzifunsa kuti: mukachotsa ziwirizi, chotsala pa ine n'chiyani?

Chinsinsi cha mayi anga sichinakhalitse, pakuti nkhani ya m'chipatala imafika kumudzi wodwala asanatuluke. Odzazonda ena ankati akapereka moni, funso lawo loyamba n'kukhala lakuti, "Nanga bambo akuti chiyani?" Mayi wina wachikulire, mondifunira zabwino ndithu, anandinong'oneza kuti ndisamale chifukwa mkazi wopanda chiberekero amazizira, ndipo mwamuna amayamba kuyang'ana kunja. Apa pali kusadziwa kumene dokotala angathe kukuchotsa m'mphindi zochepa. Ntchito ya chiberekero ndi kusunga mwana mpaka abadwe, ndipo msambo umachokera momwemo. Michere imene imayendetsa thupi la mkazi imapangidwa m'timatumba ta mazira, ndipo tanga anatisiya. Ngakhale kwa amene awachotsa timatumbato, chomwe chimachitika ndi chimene mayi aliyense amakumana nacho akafika msinkhu wosiya kusamba, kungoti chimadza msanga.

Komabe ndinganame nditati vuto ndi kusadziwa kokha, ndipo sindikufuna kuwayesa opusa makolo athu. M'mudzi mmene chikuku ndi malungo zinkatenga ana chaka ndi chaka, mmene munda unkafuna manja ambiri ndipo wokalamba analibe penshoni koma ana ake, kubereka kunali nkhani ya moyo ndi imfa ya mudzi wonse. Kwa ife Achewa, amene mbumba imayenda kudzera mwa akazi, mimba ya mlongo ndiyo inali tsogolo la banja. Amene anaona zimenezi sakanalephera kulemekeza chiberekero. Inenso sindikana kuti ndinataya kanthu. Sabata yachitatu ndinalira ndekha masanasana, ngakhale sindinkafunanso mwana wina. Ndinalira chifukwa m'menemo ndimo munali nyumba yoyamba ya ana anga, ndipo inachotsedwa ndili mtulo, osatsazikana nayo. Nanga amene amachotsedwa asanagwireko mwana wawowawo m'manja, chisoni chawo n'chachikulu bwanji! Wowauza kuti palibe chimene ataya amawanyoza.

Koma kutaya kanthu n'kwina, kuchepa umunthu n'kwinanso. Ndipo chodabwitsa n'chakuti chiyankhulo chathu chomwechi chinayankha funsoli kalekale. Mng'ono wa mayi ako timati mayi aang'ono, mkulu wawo timati mayi aakulu, ndipo sitifunsa ngati anaberekapo. Liwu loti malume ukalimvetsera bwino likunena mayi wamwamuna, munthu amene sanakhalepo ndi chiberekero chibadwire. Mayi anga aakulu sanaone mwana wawowawo, koma m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkasesa midzi yathu, analera ana amasiye 5, ndipo pamaliro awo anawo ndiwo analira mosatonthozeka. Agogo amene anasiya kusamba kalekale ndiwo timawapatsa ulemu woposa, ndiwo amalangiza anamwali ndi kuweruza nkhani za m'banja. Ngati umayi ukanakhala m'chiberekero, onsewa tikanawatchula mayina ena. Timati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu sunasankhe chiwalo.

Muyeso wa manja ndiwo unandivuta kwambiri, chifukwa woweruza wake ndinali ine ndemwe. Mayi anga, a zaka zopitirira 70, ankanditenthetsera madzi n'kundisambitsa kumsana ngati khanda. Bambo akunyumba ankaphika nsima ya mibulu, ine n'kudya ndili chete, manyazi atandigwira. Tsiku lina, pakhomo palibe munthu, ndinanyamula ndowa kuti ndikathirire maluwa. Ululu umene ndinamva unandikhazika pansi, ndipo madzulo ake ndinaona timagazi. Mwana wanga wamkazi atamva anandifunsa akulira, "Amayi, kodi mukufuna mubwererenso kuchipatala chifukwa cha maluwa?"

Usiku umenewo ndinadzifunsa funso limene lindakandiluma mpaka lero. Pa moyo wanga ndadwazikapo anthu ambiri. Ndinasamalira bambo anga mpaka tsiku lawo lomaliza, ndagonapo pansi m'mawodi ngati gadiyani, ndatayapo zonyansa za odwala. Ngati ndikukhulupirira kuti munthu wosagwira ntchito wachepa, ndiye kuti onsewo ndinkawaona bwanji pamene ndinkawasambitsa? Kodi chifundo changa chinali cha munthu woyang'ana pansi? Ndinazindikira kuti kukana kuthandizidwa kunali kunyada kovala chitenje cha khama. Timakonda kunena kuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu, koma tonse timafuna kukhala mbali ya wopereka. Umunthu umene timautamawo sungakhalepo popanda wina wovomera kulandira, ndipo kuvomerako kumafuna kudzichepetsa kuposa kupereka. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kunena kuti, "Tandigwirani dzanja ndidzuke," popanda kupepesa.

Mayi anga anandiuza kubisa chifukwa cha chikondi. Anaona mabanja akutha pa nkhani zotere, ndipo ankafuna kuteteza langa. Sindiwaimba mlandu. Koma chinsinsi chimene chimateteza mkazi mmodzi chimavulaza amene akubwera pambuyo pake. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri koposa pa dziko lonse. Njira yoyezera ilipo m'zipatala zambiri, yopaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo kuyambira mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Komabe ndikudziwa amayi ophunzira bwino amene amaopa kukayezetsa, poganiza kuti akapezeka ndi vuto adzawachotsa chiberekero n'kusanduka choseketsa. Amadikira mpaka nthenda itafika posachizika. Mantha amenewo amakula chifukwa ife amene tinadutsamo timakhala chete, ndipo iwo saonapo mkazi wochotsedwa chiberekero akuseka, akugwira ntchito, ali pabanja pake. Tilipo ambiri m'maofesi, m'misika ndi m'matchalitchi, kungoti aliyense amati anali ndi chotupa m'mimba.

Apongozi anga atabwera kudzandiona, sabata yachisanu, ndinakhala nawo pamkeka n'kuwauza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Kenaka anafunsa, "Nanga magazi aja anasiya?" Ndinati anasiya. Iwo anati, "Ndiye idyani, mayi, nsima ikuzizira." Sindikudziwa zonse zimene zinali mumtima mwawo, ndipo sindinawafunse. Mayi anga mpaka lero akamafotokozera anthu kumudzi amati mwana wawo anali ndi chotupa. Ndinaleka kuwatsutsa, pakuti iwo anakula m'nthawi yawo, ndipo ndiwo anandisambitsa pamene sindinkatha kuwerama.

Ndinabwerera kuntchito patatha miyezi iwiri, chitenje chija nditachisiya kunyumba. Mwezi wotsatira, msonkhano wina utatha, ndinaona mtsikana wina amene anali atangoyamba kumene ntchito atakhala pampando wakukhoma, akusanja mapepala osanjika kale, kudikira kuti tonse tituluke. Anzanga anapita kukamwa tiyi. Ine ndinaima pakhomo kumudikira.