Ichi Chakoma, Ichi Chakoma, Pusi Anagwa Chagada

Pusi wam'mwambiwu anagwira zipatso ndi manja onse n'kusiya nthambi. Makaniko a ku Ching'ambo, mumzinda wa Mzuzu, amamuona pusiyu m'mapikapu obwera atatyoka kumbuyo.

Toyota Hilux imanyamula pafupifupi tani imodzi, matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Koma mwinigalimoto akaona ndalama amawonjezabe matumba, anthu n'kukhala pamwamba. Tayala likagwera m'dzenje la msewu wamatope, masipuling'i amaphwasuka, ekiselo imapindika, mabering'i amadyeka, ndipo oyilo wa difu amatayikira m'mabuleki.

Zikatero makaniko amaika galimoto pajeke, amasolola mashafiti, amawongola ekiselo kapena kusaka ina yakale. Masiku onsewo galimoto ili duu pagalaja, ndipo kunyumba kwa mwinigalimoto ana akudikira ndalama ya ndiwo.