MLENDO WA PA NGALAWA NDI NGONGOLE YA CIFUNDO

Masiku ano kwabuka mwambo pakati pa anyamata ndi asungwana a m'maiko olemera, wakuti pa nthawi yopuma sukulu kapena nchito apita kutali kukathandiza ana a anthu osauka. Ulendo umene uwakopa mtima koposa ndi wa pa mtsinje waukulu wa Amazon, ku South America. Munthu apereka ndalama zambiri kwa okonza ulendo, nakwera ndege kufikira mzinda wonga Iquitos m'dziko la Peru, kumene mseu wocokera ku likulu la dzikolo sufika. Pamenepo alowa m'ngalawa, nayenda masiku angapo pakati pa nkhalango yowirira, usiku nagona m'macila omangirira ku mizati, mpaka afika pa kamudzi kamene kali ndi sukulu yaing'ono. Akhala masabata awiri kaya atatu, apaka njereza ku zipupa, aphunzitsa ana tinyimbo ndi mau owerengeka a Cingelezi, ajambula zithunzi, nabwerera kwao.

Alendo otere afikanso ku Chiradzulu, ngakhale iwo adza pa galimoto. Akristu ena awalandira ndi manja awiri. Ena ang'ung'udza, nati awa ndi anthu odzaona dziko, amene abvala cifundo monga munthu abvala malaya a Lamulungu, madzulo nkubvula. Ndipo funso lifika kwa akatekisi, amene ayenera kuyankha: kodi nchito yotere ndi cikondi ca cikristu, kapena ndi masewera a anthu okhuta?

Anthu a boma lino alibe cifukwa cofunira yankho ku Amazon, pakuti nkhani yonseyi inacitika kale pa khomo pao, pa Magomero.

Pa 4 Disembala 1857 David Livingstone analankhula kwa ophunzira a ku Cambridge, ku Mangalande, nawadandaulira kuti adze ku Afrika kudzatseka njira ya ukapolo ndi Mthenga Wabwino ndi malonda oyenera. Mau acewo anabala mishoni ya mpingo wa Anglican yochedwa U.M.C.A., ndipo mtsogoleri wace woyamba anali Charles Frederick Mackenzie, katswiri wa masamu, munthu wofatsa ndi wanyonga, amene anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Iye ndi anzace owerengeka, ansembe, mmisiri wa matabwa ndi mlimi, anakwera sitima ya Livingstone yochedwa Pioneer. Sitimayo inali yolemera kosayenera madzi a Shire, kotero kuti inatitimira mu mcenga kawiri kawiri, bishopu nakoka zingwe pamodzi ndi amalinyero. Inapita miyezi iwiri asanafike kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, m'mwezi wa Julaye. Mvuu, ng'ona ndi njobvu za m'madambo, zonse zinali zacilendo kwa iwo, ndipo anakondwera nazo monga akondwera mnyamata wa lero ndi nkhalango ya Amazon.

Pokwera mapiri, pa mudzi wa Mbame, pa 16 Julaye, anakomana ndi mndandanda wa akapolo omangidwa m'magoli ndi m'zingwe. Owayendetsa anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa, ambiri a iwo akazi ndi ana. Amenewa ndiwo anakhala mudzi woyamba ndi sukulu yoyamba ya bishopu. Anawamangira pa Magomero, m'dziko la mfumu Chigunda, pamene mtsinje wa Namadzi ukhota nuzinga mtunda. Omasulidwa ena anaonjezereka, ndipo anyamata anasonkhanitsidwa tsiku ndi tsiku kuphunzira mwambo ndi malemba oyamba.

Koma womasula kapolo lero ayenera kumchinjiriza mawa. Mafumu a Amang'anja anapempha Azunguwo kuti awathandize pomenyana ndi Ayao, ndipo mu Ogasiti bishopu anabvomera, natsogolera nkhondo, midzi nitenthedwa. Iye mwini anasimba m'kalata za kuyenda kwace ndi ndodo ya ubusa ku dzanja lina, mfuti ku dzanja lina. Cinenero sanacidziwe, milandu ya dziko anaimva mwa omasulira. Patapita nthawi anzace anazindikira kuti Ayao ambiri amene anawayesa ogula anthu anali mabanja othawa nkhondo ndi njala kwao, ndi kuti mwa Amang'anja momwemo munali ogulitsa anzao. Pa Magomero pomwepo anthu anapanikizana, madzi anaipa, kamwazi nayamba kupha.

Mu Januwale 1862 Mackenzie anatsikira ku Shire ndi wansembe wacinyamata, Henry Burrup, kukakomana ndi sitima pa mathiriro a Ruo, poyembekeza kulandira katundu, mlongo wace ndi mkazi wa Burrup. Usiku wina bwato lao linagubuduka, kwinini yense namira. Sanabwerere kukatenga wina. Anapitirira, napeza sitima itadutsa kale, nakhala pa cilumba ca Malo kudikira. Malungo anamgwira bishopu, namwalira pa 31 Januwale ali ndi zaka 36. Burrup, wodwala iye mwini, anamuika m'manda mothandizidwa ndi Amakololo owaperekeza, ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, namwalira patapita masabata atatu. Mu Epulo otsalawo anasiya Magomero natsikira kwa Chibisa. Sukulu ija inakhala miyezi isanu ndi inai.

Eklezia aphunzitsa kuti ubwino wa nchito uyesedwa pa zinthu zitatu: cimene munthu acita, colinga cace, ndi nthawi, malo ndi njira zimene acitira. Colinga ca Mackenzie palibe angacikaikire. Munthu sasiya ulemu wa ku Cambridge nkukafera pa cilumba ca udzudzu cifukwa ca masewera. Ndiponso cikondwero ca ulendo si chimo. Mulungu ndiye anaika mu mtima wa mnyamata cilakolako ca kuona za kuseri kwa phiri, ndipo Tomasi Woyera wa ku Aquino aphunzitsa kuti caulere ca Mulungu sicifafaniza cibadwa ca munthu, koma cicikonza. Atumiki ambiri a Mthenga Wabwino ananyamuka kwao ndi mitima yosakaniza, cikondi ca Mulungu pamodzi ndi cikondi ca nyanja ndi mapiri, Mulungu nawayeretsa pa njira. Wofuna kuti mlendo adze ndi mtima wopanda kacitsotso adzadikira mpaka imvi. Cimene cinacepa pa Magomero ndiko kucenjera, kumene kuwerengedwa pa makhalidwe anai akulu a munthu wolungama, ndiko kudziwa zinthu monga ziri kanthu kasanacitidwe. Kulimba mtima kopanda kucenjera kunatentha midzi ya anthu osadziwika, ndipo kunapalasa bwato kunka ku dambo la malungo mankhwala atamira.

Pali mlandu wina wolemera koposa umenewu, ndiwo wa anthu omasulidwa aja. Mu 1862 ndi 1863 kunagwa cilala ndi njala yoopsya, mitembo niyandama pa Shire. Ambiri a omasulidwawo anafa, ndipo kwa Chibisa kunaikidwanso wansembe Scudamore ndi dotolo Dickinson. Bishopu watsopano, William Tozer, atafika mu 1863 anaona kuti malowo atha anchito ace, nasamutsira mishoni ku phiri la Morambala, ndipo mu 1864 ku Zanzibar. Analola kutenga anyamata amasiye, koma akazi ndi asungwana anati atsale. Horace Waller, amene pa nthawiyo sanali wansembe, anakana. Kwa iye anthu amene mishoni inawacotsa m'goli, kutali ndi kwao, opanda mbale, opanda munda, anali ngongole ya mishoniyo. Anapatukana ndi bishopu, nawasunga yekha, ndipo mothandizidwa ndi Livingstone anapita ndi ena a iwo ku Cape Town. Mwa anawo munali Daoma, kamsungwana kamene Mackenzie anakasenza pa phewa polowa nako ku Magomero. Anabatizidwa Anne, nakhala mphunzitsi wa ana pa nyumba ya amasiye ya St George mu mzindawo zaka zambiri. Tozer sanali munthu woipa. Maganizo ace anali ndi nzeru, ndipo ku Zanzibar kunacokera aphunzitsi amene anagwira nchito ku Likoma kuyambira 1885. Komabe pa za akazi aja Waller ndiye anaona bwino.

Pakuti cifundo cimanga mwini wace. Munthu asanathandize mnzace ali mfulu kupitirira. Atamthandiza wasenza katundu amene sangamtule pa mphambano. Akulu anati walira mvula walira matope. Tomasi Woyera yemweyo anena kuti cikondi ca cikristu ndi cibwenzi, ndipo cibwenzi siciwerenga masabata. M'fanizo la Msamariya wacifundo, limene Luka Woyera analemba, ambiri alekeza pa mafuta ndi vinyo wothira pa mabala, osapenya za m'mawa mwace. Msamariya uja nayenso anali wa pa ulendo, ndipo sanakhale nthawi. Anagona usiku umodzi nacoka. Koma asanacoke anaika wobvulalayo m'manja mwa munthu wokhala ndi nyumba pamalopo, anasiya ndalama ziwiri, nalonjeza kudzalipira zotsala pobwera. Ambuye sanamdzudzule cifukwa ca kucoka.

Muyeso wa ulendo wa pa ngalawa uli pamenepa. Kuti mtsinje unali ndi ng'ona zingati, zimenezo ndi zokamba pa moto. Cofunika kudziwa ndi cakuti ngalawa itacoka mwana atsala ndi yani. Ngati mphunzitsi wa pamudzi analimbikitsidwa kapena anacepetsedwa pamaso pa ana ace. Ngati amisiri a m'mudzi analandidwa ganyu ndi munthu wosadziwa kuyala njerwa. Ndi kuti zithunzi za ana a nsanza zikaonetsedwa kwa yani, ndi cilolezo ca yani. Ena anena kuti ndalama za ndege ya mlendo mmodzi zikadalipira mphunzitsi miyezi yambiri. Kawiri kawiri nzoona, ndipo mlendo woona mtima ayenera kuziwerengera yekha asananyamuke. Koma wonena mau amenewa akumbukire kuti amene anawerengera mtengo wa mafuta onunkhira ku Betaniya anali Yudasi. Munthu woona umphawi ndi maso ace nthawi zina asanduka bwenzi la mudziwo moyo wace wonse, ndipo mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Boma lomweli liri ndi umboni wa mlendo wosakhalitsa amene anasiya zipatso. Emma DeLany, mai wakuda wa ku America, anafika mu 1902 pa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene John Chilembwe anaiyamba mu 1900, nakhala zaka zowerengeka cabe. Sanamange sukulu yace. Analowa m'sukulu yokhala ndi mwini. Mnyamata wina amene anamphunzitsa, Daniel Malekebu, anamtsatira ku America, naphunzira kumeneko mpaka anakhala dotolo, nabwera mu 1926 kudzatsegulanso mishoni imene inagwetsedwa mu 1915.

Ansembe atatu oyamba a Montfort, Abambo Bourget, Prezeau ndi Winnen, nawonso anadza pa sitima ya pamadzi mu 1901, kudzera Zambezi ndi Shire. Nzama inatsegulidwa caka comweco, Nguludi mu 1903. Akatolika asadzitame pa ici, pakuti ansembewa anapeza dziko losiyana ndi la Mackenzie, nkhondo za ukapolo zitatha. Cimene anacita bwino ndico kuphunzira cinenero ndi kupereka sukulu za m'midzi m'manja mwa akatekisi ndi aphunzitsi a dziko lomweli, amene maina ao ambiri sanalembedwe m'mabuku. Nyumba za pa Nguludi zitatenthedwa pa nkhondo ya Januwale 1915, zinamangidwanso. Pambuyo pace panakhala sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ndipo mu 2006 pa malo omwewo panatsegulidwa Yunivesite ya Katolika.

Tsono nkhani ibwerera kwa eni mudzi. M'fanizo lija akristu a kuno asafulumire kudziyesa munthu wobvulala wogona m'mbali mwa njira. Malo ao ndi a mwini nyumba ya alendo, amene analandira wodwala pamodzi ndi ndalama ziwiri zoti adzaziyankhire. Iyenso ali ndi macimo ace. Ulipo mudzi umene ucha cipinda catsopano ca sukulu kuti ndi ca Azungu, ndipo mphepo ikasasula malata udikira eni ace adzakhome. Alipo a komiti amene aonetsa mlendo ana osauka okha okha kuti mtima wace usweke, ndi ena amene matumba a simenti awasowera usiku. Kucita tero ndi kunama ndi kuba, ngakhale wonamizidwayo ali wolemera. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cosiya iye cikhala m'manja mwa otsala.

Cifukwa cace alendo asanafike, a komiti ya sukulu ndi akulu a mpingo ali ndi ufulu wofunsa kuti anthuwo ndani, adziwa nchito yanji, ndipo ngati abvomera kukhala pansi pa mphunzitsi wamkulu. Munthu wosadziwika asasiyidwe yekha ndi ana, angakhale wacokera kutali cotani kapena wadza ndi mphatso zotani. Ngati nchito imene afuna kucita iri yoti amisiri a pamudzi aidziwa bwino, auzidwe mwaulemu kuti alembe amisiriwo, iye natunge madzi ndi kuponda dothi pamodzi nao. Zolandira zonse zilembedwe m'buku, ziwerengedwe poyera atatha mapemphero a Lamulungu. Ndipo caka cikatha, katekisi kapena mphunzitsi alembere mlendoyo kalata yonena zoona: ana angati alikuphunzira m'cipinda cija, ciani caonongeka, ndi cimene mudzi wakonza ndi manja ace.