Kodi Mwana Ayesenso Liti?

Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili m'manja mwa Kamuzu University of Health Sciences. Malo ake ngochepa. Mayina a osankhidwa akatuluka, la mwana wao palibe, makolo ambiri kuno ku Dedza amafulumira kunena kuti, "Ayesenso chaka chamawa." Mtima wotere ngwabwino ndithu, koma kodi chidzasinthe nchiyani?

Inu akatekisiti, akadza kwa inu, yambani mwafunsa chimene chinamlepheretsa. Ngati anaperewera pa Biology kapena Chemistry, kutumizanso mapepala omwewo nkudzinyenga. Ayenera kubwereza Folomu 4, ndipo fizi yake idzachokera m'munda wa kachewere womwewo umene ukuphunzitsa mng'ono wake. Kodi nchilungamo kuti wamng'ono akhale pakhomo pamene mkulu akuyesa kachitatu? Ine ndikuti iai, pokhapokha banja litapangana poyera, wamng'onoyo atamvedwanso.

Mumfunsenso mwanayo payekha, makolo ali kutali: kodi akufuna kuchiza odwala, kapena kutchedwa dokotala? Ngati mtima wake uli pa odwala, asanyoze maphunziro a clinical officer ku Malawi College of Health Sciences, pakuti m'zipatala za kumidzi odwala ambiri amaonedwa ndi anthu amenewa.