Impso ilibe pasipoti

Madokotala akati interstitial nephritis, amatanthauza kutupa kwa mnofu umene uli pakati pa timachubu ta mu impso. Impso iliyonse ili ndi tosefera magazi pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo timachubuti timabwezera m'thupi madzi ndi mchere wofunika, zoipa n'kutuluka ndi mkodzo. Mnofu wapakatiwo ukatupa, kusefa kumafooka. Nthawi zambiri gwero lake ndi mankhwala: ibuprofen, diclofenac, omeprazole wa chilungulira, ngakhalenso rifampicin wochiza TB, matenda ofala kwambiri kuno ku Cape Town. Vutoli likadziwika msanga, dokotala n'kusintha mankhwalawo, impso kawirikawiri imachira. Kukachedwa pamatsala zipsera, ndipo chipsera sichisefa magazi.

Ndikamamasulira timapepala ta zaumoyo ndimaganizira Amalawi anzathu a ku Masiphumelele ndi ku Imizamo Yethu, olima maluwa ndi osamalira nyumba za anthu. Wamaganyu alibe tsiku lodwala. Msana ukawawa amameza mapiritsi awiri n'kuthamangira minibasi. Ena amati n'kusasamala. Ine sindinena choncho, poti amene akudyetsa banja la kuno ndi la ku Mzimba nthawi imodzi sanasankhe yekha ululuwo.

Funso lalikulu limabwera impso zikafa. M'zipatala za boma monga Groote Schuur ndi Tygerberg makina otsuka magazi ndi ochepa, kotero pali komiti yosankha wolandira. Mu 1997 bambo wina wa ku Durban, Thiagraj Soobramoney, amene anali ndi shuga komanso matenda a mtima, anakanizidwa makinawa ku Addington Hospital. Nkhani inafika kukhothi loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo oweruza anati boma lingapereke zokhazo zimene thumba lake likukwanitsa. Iye anamwalira patangopita masiku ochepa. Chigamulochi n'chowawa, koma ndimachimvetsa. Chakudya chikachepa m'mbale wina ayenera kugawa, ndipo kugawa poyang'ana amene thupi lake lingapindule kuli ndi nzeru yake.

Chondisowetsa mtendere ndi muyeso wina. Makina a nthawi yaitali amapatsidwa makamaka kwa woyembekezeka kudzalandira impso ya munthu wina. Tsono lamulo la National Health Act limati amene si nzika, kapena alibe chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, sangaikidwe chiwalo popanda kalata ya nduna ya zaumoyo. Khomo lina likatsekeka, linzake latsekekanso. Mu 2019 khothi la ku Johannesburg linakana pempho la Alem Ereselo, mayi wa ku Ethiopia wopempha malo othawirako, amene ankafuna kuti chipatala chipitirize kumutsuka magazi.

Wina anganene kuti dziko lililonse liyambe ndi ana ake, ndipo kwathu nakonso makina a ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central sakwanira. N'zoona. Koma zaka za munthu ndi mphamvu ya mtima wake zimauza dokotala kanthu za mmene thupi lingapirire. Pasipoti simuuza chilichonse. Munthu amene msana wake unali woyenera kukumba dimba la ku Constantia zaka 15, impso yake ikhala bwanji yachilendo tsiku limene yatopa?

Mzinda uno unadziwapo kale kuti chiwalo sichifunsa mtundu. Mu Disembala 1967, pamene Christiaan Barnard anatenga mtima wa Denise Darvall ku Groote Schuur, impso ya mtsikana wachizunguyo inaikidwa mwa mnyamata wachikaladi wa zaka 10. Inali nthawi ya tsankho, pamene awiriwo sakanaloledwa kukhala pa benchi imodzi.