Kulawa Sikugula: Thukuta la Mmisiri ndi Chitsanzo Chopanda Malipiro

KHUTBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini kupereka riziki, amene adagawa maluso pakati pa akapolo Ake kuti aliyense asowe mnzake. Tikuchitira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa Maswahaba ake onse. Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tilangizane kumuopa Allah, makamaka pa zinthu zimene maso a anthu saziona ndipo bwalo la milandu silizifikira msanga.

Abale olemekezeka, ku Lichinga, ku Cuamba, ku Tete ndi m'matauni ena muli ana athu ambiri amene alibe bwana mmodzi wowalipira pakutha pa mwezi. Wina amajambula zizindikiro za mabizinesi pa kompyuta, wina amamasulira zikalata kuchokera m'Chipwitikizi kupita m'Chinyanja, wina amalemba mapulani a nyumba, wina ndi telala wopeka masitayilo a zovala. Wofuna ntchito yawo amati: tandipangireni kaye chitsanzo ndione luso lanu. Mmisiri amachezera usiku, natumiza chitsanzocho pa WhatsApp, kenaka foni ya uja siyankhidwanso. Pakapita milungu ingapo, chizindikiro chija chapachikidwa pakhomo pa sitolo, pulani ija ili m'manja mwa womanga wotchipa, ndipo mwini wake sadalandire metical ngakhale imodzi. Funso lathu lero nali: kodi chinthu chimene munthu wakupatsa kwaulere kuti uone, chasanduka chako?

Kumsika tonse timalidziwa yankho. Mayi wogulitsa mtedza akakuuzani kuti mulawe, wakulolani njere ziwiri kapena zitatu kuti mudziwe ngati ngwokazinga bwino. Mukatapa kudzaza thumba nkuchoka mukunena kuti adakulolezani yekha, msika wonse udzakutchani wakuba. Chilolezo chimakhala ndi malire, ndipo malirewo amaikidwa ndi cholinga chimene chidaperekedwera. Qur'an yolemekezeka, m'Surah An-Nisaa ndime ya 29, imaletsa kudyerana chuma m'njira zachabe, niloleza malonda ochitika mogwirizana. Mmisiri adagwirizana nazo zoti muone. Zoti mugwiritse ntchito sadafunsidwe nkomwe. Chitsanzo chili m'manja mwanu ngati amana, ndipo amana amaisunga kapena kuibweza, saidya.

Wina adzati: ndamulanda chiyani, poti chojambulacho chikadali m'kompyuta yake? Apa mpamene ambiri amadzinyenga. Chimene mmisiri amagulitsa ndi nthawi yake, nzeru zake ndi zaka zimene adathera pophunzira. Mukaligwiritsa ntchito luso lake osalipira, mwatenga phindu lomwelo limene iye amadyera, ndipo zimene zatsala m'kompyuta sangazigulitsenso kwa wina poti dzina la sitolo yanu lili pamenepo. Ma Ulama a nthawi yathu adalisanthula funso limeneli. Mu 1988, pamsonkhano wake wa ku Kuwait, bungwe la akatswiri a Fiqh la maiko a Chisilamu lidagamula kuti dzina la malonda, chizindikiro cha malonda, ntchito yolemba ndi zinthu zopeka mwaluso ndi umwini wokhala ndi mtengo, wotetezedwa ndi Shariya, ndipo nkosaloledwa kuuphwanya.

Wina adzatinso: sitidapangane mtengo, ndiye palibe ngongole. Fiqh idatseka kale khomo limeneli. Pamene ntchito yagwiritsidwa koma malipiro sadatchulidwe, amayang'ana malipiro amene ntchito yonga imeneyo imalandira pamalopo, amene ma Ulama amawatcha ujratul mithl. Kusatchula mtengo kumangosiya mtengowo m'manja mwa chizolowezi cha msika. Ndipo amene amayitana amisiri asanu kuti aliyense apereke chitsanzo, mumtima atatsimikiza kale kuti salemba ntchito aliyense, tchimo lake lidayamba asanalandire kanthu, pakuti pempho lakelo lidali msampha. Imam Muslim adalandira nkhani yakuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adapisa dzanja mumulu wa chakudya kumsika napeza chonyowa chitabisidwa pansi, ndipo adadzipatula kwa munthu wachinyengo. Uja adabisa chinyezi pansi pa mulu. Uyu wabisa cholinga pansi pa mawu okoma.

Tinene chilungamo kumbali zonse. Munthu ali ndi ufulu woona zitsanzo nkukana zonse ngati sizidamkondweretse, ndipo alibe ngongole ngati wazisiyadi osazigwiritsa ntchito. Palinso maganizo a aliyense, monga kupaka sitolo utoto wobiriwira kapena kujambula nsomba pachikwangwani cha wogulitsa usipa ku Metangula. Amenewa alibe mwini. Koma pakati pa ganizo la aliyense ndi ntchito yomalizidwa ya munthu pali malire amene mtima umawadziwa. Dzifunseni: chipanda chitsanzo cha uja, kodi chinthu ichi chikadaoneka chonchi? Kodi ndingasangalale atadutsa pano nachiona? Ngati mtima ukuthawa mafunso awiriwa, kusintha mtundu wa utoto kapena kusuntha chilembo chimodzi sikungayeretse chimene mwatenga.

Kulemera kwa nkhaniyi kukuoneka m'Hadith imene ili m'buku la Imam Bukhari, mmene Allah akutchula anthu atatu amene Iye mwini adzakhala wotsutsana nawo pa Tsiku la Kiyama. Mmodzi mwa iwo ndi amene adamgwiritsa munthu ntchito, nalandira ntchitoyo mokwanira, koma osampatsa malipiro ake. Mmisiri wosaukayo pano alibe loya. Kumeneko womuyimira pamlandu ndi Mbuye wa zolengedwa zonse.

Ndikunena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mpempheni, pakuti Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale anga, tisaganize kuti matendawa ali kwa amalonda okha. Ngakhale makomiti a mizikiti ndi madrasa amatha kumuuza mnyamata kuti ajambule chikwangwani kapena pulani kuti akuluakulu aone, nkuigwiritsa ntchito, ndipo akafunsa za malipiro amamuyankha kuti ndi ntchito ya Allah. Sadaka ndi imene mwini wake waipereka mwakufuna kwake. Chotengedwa pomuchititsa munthu manyazi sichikhala mphatso. Mtumiki atafika ku Madina m'chaka cha 622, malo omangapo mzikiti adali a ana amasiye awiri, Sahl ndi Suhayl. Iwo adafuna kuwapereka ulere, koma iye adakana kufikira adawagula. Ngakhale ngamira imene Abu Bakr adamkonzera paulendo wa Hijra, adailandira pokhapokha ndi mtengo wake. Ngati mzikiti wa Mtumiki udayamba ndi kulipira ofooka, ife tingamange bwanji pa thukuta la mwana wa mnzathu?

Kwa inu amisiri, kudziteteza ndi gawo la Dini. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole. M'Surah Al-Qasas, Mneneri Musa asanayambe ntchito ku Madyan, adamvana ndi womlemba za zaka zisanu ndi zitatu, kapena khumi ngati iye atafuna, zonse zitanenedwa poyera. Choncho musanatumize chitsanzo, lembani mu uthenga kuti ichi nchoonera chabe, ndipo mtengo wochigwiritsa ntchito ndi wakutiwakuti. Onetsani ntchito zimene mudagwira kale m'malo mopanga yatsopano yathunthu. Ngati chitsanzo chikufunika, chikhale chaching'ono: ndime imodzi yomasulira, chithunzi chodindidwa dzina lanu pakati. Pantchito yaikulu pemphani ndalama yoyambira pa M-Pesa kapena e-Mola. Izi sizisonyeza kukayikira m'bale wanu. Zimasunga ubale kuti usadzathere pa mkangano.

Mukalakwiridwa, pitani kwa mwini nkhani mwaulemu ndi umboni wanu. Akakana, tengani akuluakulu kapena Sheikh akhale pakati panu. Akakanabe, muli ndi ufulu wokadandaula kwa oweruza. Wopondelezedwa amaloledwa kunena za kupondelezedwa kwake, koma asawonjezere bodza, ndipo asabwezere mkwiyo wake kwa kasitomala wina pomgwirira ntchito yosalongosoka.

Ndipo inu amene chikwangwani cha pasitolo panu, kapena nyumba imene mukugonamo, idachokera m'chitsanzo chosalipiridwa, khomo la kulapa likadali lotsegula. Koma tchimo lokhudza kapolo wa Allah silifafanizika ndi istighfar yokha. Makolo athu adati pepani sapoletsa chilonda. Mfunefuneni mmisiriyo, mumpatse malipiro oyenera kapena akukhululukireni ndi mtima wake wonse. Kumbukirani mmodzi mwa anthu atatu aja amene mwala udawatsekera m'phanga: wantchito wake adachoka osatenga malipiro, iye nawasunga nawachulukitsa kufikira adasanduka ziweto zambiri, ndipo mwini wake atabwera adampatsa zonse. Ndi ntchito imeneyo adampempha Allah, mwala nusuntha. Chitani zimenezi dzuwa la Ijumaa ino lisanalowe, lisanafike tsiku limene ngongole zidzalipidwa ndi ntchito zabwino pakuti ndalama kulibe.

E Allah, tikwaniritseni ndi halali kuti tisasowe haramu. Dalitsani manja a amisiri athu ndi malonda a amalonda athu. Musatilole kukumana Nanu tili ndi thukuta la munthu pakhosi pathu. Khululukirani makolo athu, chiritsani odwala athu, ndipo patsani dziko lathu la Mozambique mtendere ndi chilungamo. Amin. Imirirani tipemphere Swala.